Ndimamwa ma ARV, ndipo Khristu anandimasula

M'mipingo yathu muli Akhristu ambiri amene amabisa botolo la mankhwala pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo akamameza piritsi lawo amamva ngati akuchitira umboni kuti chikhulupiriro chawo n'choperewera. Ine ndinadziwa mu 2012 kuti ndili ndi kachilombo ka HIV, ndine mayi wamasiye wokhala mu mzinda wa Blantyre, komanso ndine wa Mvano. Ndikukhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti Mulungu anandichiritsa, ngakhale kuti kachilomboko kadakali m'thupi mwanga ndipo ndimamwa ma ARV tsiku ndi tsiku. Ena aona ngati mawu amenewa akutsutsana, n'chifukwa chake ndikufuna kufotokoza mmene zinthu zinayendera m'banja mwathu, makamaka kwa iwo amene pakali pano akuuzidwa kuti asankhepo pakati pa Yesu ndi chipatala.

Ndinapezeka ndi kachilomboka kusikelo, ndili ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri. Chaka chathacho, mu 2011, dziko la Malawi linali litayamba ndondomeko imene azaumoyo amaitcha Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV nthawi yomweyo ndi kumawamwa moyo wake wonse, osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike kaye. Chotero ndinachoka pakhomo m'mawa ndikudziona wathanzi, n'kubwerera masana ndi mankhwala oti sindidzasiyanso. Namwino amene anandiuza zotsatira anandigwira dzanja nati, "Amayi, mwana ameneyu tingathe kumuteteza, bola inu muzimwa mankhwalawa osadumphitsa." Amuna anga sanakane kukayezetsa, ndipo nawonso anapezeka nako, chitetezo chawo chili chotsika kale, moti anawayambitsa mankhwala mosachedwa. Funso loti ndani anabweretsa kachilomboka m'nyumba tinagwirizana kuti tisalifukule, popeza tonse tinali ndi moyo wathu tisanakwatirane.

Mavuto anayamba mu 2013, pamene amuna anga anawasinthira ku mankhwala amene ine ndinkamwa kale, otchedwa 5A. M'mankhwala amenewo munali efavirenz, amene kwa anthu ena amabweretsa chizungulire ndi maloto oopsa, makamaka m'masabata oyambirira. Amuna anga ankalota achibale amene anamwalira kalekale akuwaitana, ankadzuka thukuta lili kamukamu, ndipo mnzawo wa kuntchito atamva zimenezi anawauza kuti si nkhani ya chipatala ayi, koma mizimu ya kumtundu ikuwalondola. Anawatengera kwa mneneri wina amene ankachititsa mapemphero a usiku wonse kuphiri. Kumeneko anauzidwa kuti matenda awo ndi temberero, kuti afunika mapemphero omasula, kusala kudya, mafuta odzozedwa, ndiponso kufesa mbewu ya ndalama molingana ndi kukula kwa chozizwitsa chimene akufuna. Malotowo anatha okha thupi litazolowera mankhwala, monga zimakhalira kawirikawiri, koma ulemu wonse unapita kwa mneneri uja.

Mu 2014 anawayeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, ndipo zotsatira zinabwera zoti tizilomboto sitikuoneka. Pamenepa ndi pamene ambiri amagwera, ndipo ndikufuna wowerenga aliyense amvetse bwino. Ma ARV amatsekereza kachilombo kuti kasaswane, moti tizilombo timachepa kufikira makina oyezera alephera kutiwerenga, koma kachilomboko kamakhalabe kobisala m'maselo ena a chitetezo cha m'thupi, mmene mankhwala sangakachotsemo. Munthu akasiya kumwa, pakangopita masabata ochepa tizilombo timayambanso kuchuluka, ndipo nthawi zina timadzuka titapima, osamvanso mankhwala akale aja. Zimachitikanso kuti munthu amene wamwa ma ARV nthawi yaitali akakayezetsanso ndi kachipangizo kobaya pachala, zotsatira zimatha kusonyeza molakwika kuti alibe kachilombo, n'chifukwa chake azaumoyo salimbikitsa kuti amene ali kale pa mankhwala azikayezetsanso mwanjira imeneyo. Pepala limene amuna anga anapatsidwa linali umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito. Mneneri analikweza pamaso pa khamu nati ndi umboni wakuti Edzi yatuluka, ndipo amuna anga anataya botolo lawo anthu akululutira.

Anabwera kunyumba ali ndi chimwemwe chimene ndinali ndisanachionepo pankhope pawo, ndipo anandichonderera kuti nanenso ndisiye. Ankati, "Mayi a ana, mukapitiriza kumwa ndiye kuti mukunyoza Mulungu amene watichiritsa." Sanali munthu wopusa, ndipo sindilola aliyense kuwatcha choncho. Anali bambo wotopa ndi kudziona ngati wodetsedwa, amene anafunitsitsa kumva kuti nkhani yatha. Mayi anga amasimba za 1995, pamene anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati anaonetsedwa m'maloto mtengo wochiza Edzi. Anthu amenewo sindiwaweruza, pakuti nthawi imeneyo kunalibe chilichonse chogwira, ndipo ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Chimene chimandipweteka n'chakuti amuna anga mankhwala anali nawo m'manja. Ine chimene chinandigwira kuti ndisasiye chinali mwana amene ndinkayamwitsabe, ndi mawu a namwino uja.

Mu 2015 anayamba kudwala mutu wosamva panado, khosi linauma, kenako anayamba kulankhula zosokonekera. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oumitsa khosi amene amagwira anthu amene chitetezo chawo chatsikiratu. Madokotala anayesetsa, koma tinafika mochedwa. Mneneri uja sanabwere kudzazonda, ndipo nditamuimbira foni anandiyankha kuti machiritso anali atachitika ndithu, koma kusakhulupirira kwa mkazi wa m'nyumbamo ndiko kunatsegulira Satana khomo. Maliro atatha, akuchimuna anakhala pansi n'kugamula kuti ine ndi amene ndinapha mwana wawo, ndipo anatenga mipando, wailesi ya kanema, mabulangete ndi makina osokera amene ndinkadyetsera ana.

Umphawi umene unatsatira unali wowawa, koma ukapolo weniweni unali m'kati. Ndinkadziwa m'mutu kuti mawu a mneneri uja ndi abodza, koma usiku ankabwerera, ndipo ndinkadzifunsa ngati mwinadi amuna anga akanakhala ndi moyo ndikanakhala ndi chikhulupiriro chonga chawo. Piritsi lililonse linkandikumbutsa mlandu umenewo. Kutchalitchi ndinkapitabe, koma ndinkakhala kumbuyo, ndipo tsiku la Mgonero wa Ambuye ndinkatuluka usanayambe, chifukwa ndinkadziona ngati munthu amene Mulungu anamulemba chizindikiro. Kupemphera kunandikanika. Ndikati nditsegule pakamwa ndinkaona nkhope ya apongozi anga akuwerengera mabulangete, ndipo mtima unkadzaza mkwiyo umene unkandiopsa ndekha. Amene anandiona masiku amenewo ankati ndine wolimba mtima, popeza sindinkalira pagulu, koma zoona zake n'zakuti ndinali nditauma.

Amene Mulungu anamutuma anali mayi wina wachikulire wa Mvano wa mlaga wathu, amene anazindikira kuti ndikuthawa Mgonero. Anabwera kunyumba madzulo ena, sanandifunse mafunso ambiri, ndipo sanandiuze kuti ndisiye chisoni chifukwa malemu ali kumwamba, monga ena ankanenera. Anatsegula Baibulo n'kundiwerengera Salmo 88, limene ndinali ndisanalimvepo likulalikidwa. Wolemba salmo limeneli akudandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akufunsa Yehova chifukwa chake wamutaya ndi kumubisira nkhope, ndipo likutha osanena kuti wayankhidwa. Mayiwo anati, "Mwana wanga, ngati Mulungu analola pemphero lotere kuti likhale m'Buku lake, ndiye kuti sakuopa zimene zili mumtima mwakomo. Muuze." Atatero anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kutulutsa kabotolo kofanana ndi kanga. Anali akumwa ma ARV kuyambira zaka zoyambirira zija pamene anthu ankafola mizere yaitali kuti alembedwe, ndipo onsefe tinkawadziwa ngati mzati wa mapemphero mumpingo. Usiku umenewo ndinalira kwa nthawi yoyamba chimwalirireni amuna anga, ndipo ndinamuuza Mulungu zonse, ndi zokwiya zomwe.

Mayi omwewo ndi amene anandiperekeza kwa abusa. Abusa anayambira pa Yohane 9, pamene ophunzira anaona munthu wosaona chibadwire n'kufunsa kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Anandionetsa kuti funso limene akuchimuna ndi mneneri anandisenzetsa ndi lomwelo limene Ambuye anakana kuliyankha mwanjira imeneyo. Kenako tinawerenga 2 Akorinto 12, pamene Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, ndipo yankho linali lakuti, "Chisomo changa chikukwanira." Paulo ameneyu anachiritsapo odwala m'dzina la Yesu, koma ndi yemweyo amene analemba kuti anasiya Trofimo ku Mileto akudwala, amene analangiza Timoteo za m'mimba mwake ndi kudwaladwala kwake, ndiponso amene ankayenda ndi Luka, sing'anga wokondedwa. Ngakhale mfumu Hezekiya, imene Mulungu anaiwonjezera zaka 15 itapemphera ndi misozi, mneneri Yesaya analamula kuti aiikire nkhuyu pachithupsa chake. Abusa anati, "Amayi, palibe vesi limene limati kumwa mankhwala ndi kusakhulupirira. Muziwathokozera monga mumathokozera nsima musanadye." Kuyambira tsiku limenelo ndimatero.

Komabe malemba amene anafika pansi penipeni pa bala langa ndinawapeza ndekha mu Marko 5, nkhani ya mayi amene anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12. Malinga ndi chilamulo cha pa Levitiko 15, mayi wotere anali wodetsedwa, chilichonse chimene wakhalira chinali chodetsedwa, ndipo womukhudza ankadetsedwa naye, moti zaka zonsezo anakhala wosalidwa pakati pa anthu a kwawo. Marko akunena kuti chuma chake chonse chinathera kwa asing'anga ambiri osapeza bwino. Anabwera kumbuyo mozemba, anakhudza chovala cha Yesu, magazi analeka pomwepo, ndipo akanatha kubwerera kwawo popanda womudziwa. Yesu ndi amene anaima n'kufunsa kuti wamukhudza ndani, ngakhale kuti Yairo anali kumudikira mwana wake ali kayakaya. Ndinadzifunsa kuti ankafunanso chiyani, poti thupi linali litachira kale. Mayi uja anabwera akunjenjemera, ananena zoona zonse pamaso pa khamu, ndipo Yesu anamutcha mwana wake wamkazi namuuza kuti apite mumtendere. Ndinaona kuti panali machiritso awiri, a thupi ndi a munthu mwiniyo, amene anachotsedwa manyazi n'kubwezeredwa pakati pa anzake. Ine achiwiriwa ndinawalandira oyambawo asanafike, ndipo ndatsimikiza m'moyo mwanga kuti achiwiriwa sayembekezera oyamba. Pa Mgonero wotsatira ndinakhala nawo, ndinalandira mkate ndi chikho, ndikubwereza mumtima mawu a pa Aroma 8:1 akuti iwo amene ali mwa Khristu Yesu alibe kutsutsidwa.

Patapita nthawi ndinauza amayi anzanga a Mvano za mmene ndilili. Ena anandikumbatira, ena anangoti zii, koma m'masabata otsatira angapo anabwera paokha usiku kudzandiuza kuti nawonso ali pa mankhwala ndipo ngakhale ana awo sakudziwa. Ndinalowanso gulu la anthu amene ali ndi kachilombo la m'dera lathu, limodzi mwa magulu amene bungwe la NAPHAM, loimira anthu amene ali ndi HIV m'dziko muno, limalimbikitsa, ndipo kumeneko ndinamva za Gideon Byamugisha, wansembe wa mpingo wa Anglican wa ku Uganda, amene mu 1992 ananena poyera kuti ali ndi HIV, pa nthawi imene kutero kunali ngati kudzilengezera maliro, napitiriza kutumikira paguwa. Sindikunena kuti aliyense ayenera kuima pagulu n'kuulula. Pali mabanja ndi malo a ntchito kumene kuulula kungamuike munthu pangozi, ndipo chinsinsi cha magazi a munthu n'chake. Koma kusenza nkhaniyi wekhawekha, popanda ndi mmodzi yemwe wopemphera nawe akudziwa zoona zake, kumapereka mpata waukulu kwa onyenga, chifukwa iwo amadya pa mantha a munthu amene alibe womufunsa.

Kukhululuka ndiko kunatenga nthawi yaitali kuposa zonse, ndipo sindikufuna kunamiza munthu kuti kunachitika pa pemphero limodzi. Kwa zaka zingapo ndinkangopempha kuti Mulungu andipatse mtima wofuna kukhululuka, chifukwa mtima umenewo ndinalibe. Apongozi anga aakazi atafa ziwalo mbali imodzi ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndinatenga ana n'kupita kumudzi kukawaona. Anayang'anitsitsa mwana wamng'ono uja, amene amafanana kwambiri ndi bambo ake, ndipo analira. Sanapepese, ndipo makina osokera sanabwerere. Ndinawasambitsa, ndinawaphikira phala, ndipo pobwerera ndinazindikira kuti ndinatha kuwatchula dzina m'pemphero popanda chifuwa kuthina. Ndiwonjezere apa kuti kukhululuka sikutanthauza kusiyira olanda chuma cha ana amasiye. Lamulo la za chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Mayi amene zamugwera angathe kukadandaula ku ofesi ya DC, ku nthambi ya polisi ya Victim Support Unit, kapena ku Legal Aid Bureau, ndipo akatero sanachimwe.

Za mneneri uja ndikulimbanabe nazo. Sindimufunira choipa, koma ndimapemphera kuti atsekedwe pakamwa pa nkhani imeneyi, chifukwa ndikudziwa kuti amuna anga sanali okha amene anataya botolo usiku umenewo. Ndimakhulupirira kuti Mulungu amachita zozizwitsa lero monga kale, ndimapempherera odwala, ndipo akadzafuna kuchotsa kachilomboka m'thupi mwanga palibe chimene chingamuletse. Koma Yesu atachiritsa akhate anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, amene anali ndi udindo wotsimikizira ngati khate latha, ndipo sanaope kuti ntchito yake iyesedwe. Munthu wa Mulungu amene amaletsa wodwala kubwerera kuchipatala, amene amaika mtengo pa pemphero, ndipo wodwalayo akamwalira amaloza chala wamasiye, akumanga anthu goli limene Khristu anawamasula, ndipo Agalatiya 5:1 imatichenjeza kuti tisakodwenso nalo. Ngakhale lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kufalitsa uthenga wabodza kapena wosocheretsa pa za matendawa. Ndikupempha abusa ndi akulu a mipingo kuti azinena zimenezi paguwa momveka, popeza nkhosa zawo zambiri zimapita kumapiri usiku, Lamulungu n'kudzakhala pamabenchi osanena kanthu.

Mwana amene ndinali naye pakati uja anamwetsedwa mankhwala a madzi a nevirapine m'masabata 6 oyambirira, anayezedwa ali ndi masabata 6, ali ndi chaka chimodzi, komanso ali ndi zaka 2, ndipo alibe kachilombo. Mu 2019 anatisinthira ku mankhwala otchedwa 13A, amene muli dolutegravir, ndipo ine sandipatsa chizungulire chilichonse. Kuyeza kwa chaka ndi chaka kumasonyeza kuti tizilombo sitikuoneka, ndipo pepala limenelo ndimalithokozera Mulungu ndikudziwa tanthauzo lake. Mavuto sanathe. Ndalama ya lendi ndi ya sukulu imandisowetsabe tulo, ndipo pali masiku amene ndimawasowa amuna anga mpaka chakudya kukanika kulowa. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku oterowo sindiwawerenganso ngati chilango, ndipo ndimakhala ndi kolowera nawo.

Kwa inu amene munasiya kale mankhwala chifukwa cha ulosi, ndipo tsopano mukuchita manyazi kubwerera, ndikukuchondererani kuti mupite sabata ino ngakhale mukudzimva wamphamvu, pakuti amuna anga anaoneka athanzi miyezi yambiri asanagwe. Tengani buku lanu la kuchipatala, uzani dokotala zoona zake za nthawi imene munasiyira ndi chifukwa chake, ndipo ngati mukuopa kukalipiridwa pemphani mkulu wa mpingo kapena mnzanu wa pagulu kuti akuperekezeni. Ngati mankhwala akukupatsani maloto oipa, chizungulire kapena zotupa pakhungu, kanenani kuchipatala komweko, chifukwa alipo ena amene angakusinthireni. Masiku ano munthu wobwerera atasiya nthawi yaitali angathe kuyezedwa chitetezo cha m'thupi, ndipo chikapezeka chotsika kwambiri amamuyezanso mkodzo kufufuza chifuwa chachikulu, ndi magazi kufufuza matenda oumitsa khosi aja, amene amatha kupezeka ndi kupatsidwa mankhwala munthu asanayambe n'komwe kumva mutu.